Usagule Injini Imene Sungaidzutse Wekha

Kadoma,
Lachinayi masana

Limbani mwana wanga,

Ndikukulembera kalata ngakhale tikugona m'nyumba imodzi, chifukwa pakamwa ndalephera. Ndikangoyamba kulankhula iwe umati "ndazvinzwa, mhamha," maso ali pa wotchi, ndiye kuti m'Chishona wamva koma m'Chichewa sunamve kanthu. Ndalemba m'chilankhulo cha agogo ako mwadala. Ndikudziwa kuti umachiwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere ngati mwana wa Giredi 2, ndipo liwiro limenelo ndi limene ndikufuna. Panopa wapita ku Chegutu kukatsazika bwenzi lako Rudo, abambo ako ali kuntchito, mawa m'mawa tikukuperekeza ku Harare kukakwera ndege ya ku Canada. Ndatsala ndi masana ano okha, cholembera, ndi kabuku ka malonda kaja unasiya pamwamba pa firiji.

Inde, ndakawerenga. Usakwiye, chinthu chosiyidwa pa firiji yanga ndi changa. Ndi kabuku kaja anakutumizira mnzako amene ali kale kumgodi wa kumpoto uko, kodzaza ndi zithunzi za masinomobilo, njinga zamoto zopanda matayala, za timatabwa tiwiri totsetsereka kutsogolo ndi lamba kumbuyo, zoyendera pa chipale. Kalata yakenso ndawerenga, inali m'kati mwa kabukuko. Akuti nyengo yachisanu ikafika misewu ya kumeneko imakwiririka, ndipo munthu wa ntchito ngati yako, yoyendera miyala m'tchire ndi zida zoyezera, amafunika yakeyake. Yopitira kuntchito, yopitira kugolosale, yokokera katundu, zonsezo imodzi yomweyo. Zomveka. Sindikukana kuti ugule. Chimene chandiimitsa mutu ndi cholembera chako chofiira. Pa makina onse ali m'kabukuko iwe wazunguliza a patsamba lomaliza, a injini yaikulu ya masisi 800 (masisi ndiwo muyeso wa kukula kwa injini), akuda bii, a malawi a moto ojambula m'mbali, ndipo pansi pake walemba m'Chishona kuti "iyi ndiyo yacho," iyi ndiye yeniyeniyo, n'kudula mizere iwiri.

Zaka zinayi ku yunivesite, Limbani. Digiri ya miyala, mkanjo, chipewa cha ngodya zinayi, ine kulira pamaso pa anthu mpaka abambo ako kuchita manyazi, zonsezo kuti mwana wanga azisankha makina mmene nkhuku imasankhira chimanga, njere yaikulu poyamba.

Ndikudziwa zimene ukunena mumtima: mayiwa chipale anachionera kuti? Zoona. Chipale chimene ndimachidziwa ine ndi chija ndimapala ndi mpeni m'firiji Loweruka lililonse. Koma zaka zoposa khumi ndi zisanu ndakhala pa chishalo cha njinga yamoto, kuyendera alimi a thonje kuyambira ku Ngezi mpaka ku Chakari, m'matope, mumchenga, m'fumbi. Chipale sindichidziwa, koma injini ndimaidziwa, ndipo wokwerayo ndinamubala ndekha. Ndiye khala pansi, mangira lamba wa m'ndege, uwerenge. Kothawira kulibe, ndaona pa tikiti kuti ulendowo ndi wautali.

Tiyambe ndi matenda a pamtundu pathu, chifukwa sunayambe ndiwe. Agogo ako, bambo anga, anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata n'kudzalowa mgodi ku Chakari. Pakomboni paja mtchona aliyense ankayenera kutumiza chithunzi kumudzi chaka chikamatha, kuti abale aone kuti munthu sanachokere pachabe. Wina ankajambulitsa ndi suti yobwereka, wina atatsamira galimoto ya mzungu mwini wake asakuona. Agogo ako anati iwo za zobwereka ayi. Anapita m'tauni muno n'kukagula wailesi ya galamafoni, ija yaitali ngati bokosi la maliro, yoyendera magetsi. Magetsi pakomboni panalibe, ndipo iwo ankadziwa bwino lomwe. Wogulitsa anawaonetsa kawailesi ka mabatire kamene kakanayimba tsiku lomwelo, iwo anati kakang'onoko sikaoneka pa chithunzi. Anainyamula amuna anayi kuchokera pamene inatsikira lole. Wojambula anabwera pa njinga yake, ine anandiimika pambali pake nditavala diresi la kutchalitchi, dzanja pa wailesi. Chithunzi chinapita ku Ntcheu, ndipo tinamva kuti chinazungulira mudzi wonse. Wailesiyo sinayimbepo ngakhale kamodzi. Agogo ako aakazi ankasungiramo mbale ndi shuga, kenako makoswe anaberekeramo. Nyimbo ndi nkhani tinkakamvera kwa aneba, amene anagula kakang'ono kaja.

Ndikukuuza izi chifukwa dzana ndinakumva ukuuza amalume ako a Jailosi kuti chithunzi choyamba cha sinomobilo yako udzatumiza kwa bambo ake a Rudo. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndinalipo tsiku lija mkulu ameneyu anakufunsa akumwetulira kuti kodi kumusha, kumudzi kwenu kwenikweni, ndi kuti, ngati kuti iwe ndi ine sitinabadwire m'dziko lomwe lino, ngati kuti mafupa a agogo ako sali m'dothi la ku Chakari. Zinandipweteka inenso, ndipo tiyi wake ndinamwa ngati mankhwala. Koma munthu amene anaganiza kale kuti ndiwe mlendo sasintha maganizo chifukwa cha masisi. Adzayang'ana chithunzicho, adzati "mabhurandaya anoda zvinhu," a ku Malawi ndi okonda zinthu, n'kubwerera ku nyuzipepala yake. Iye adzatsala pa mpando wake wofewa ku Chegutu, iwe udzatsala ndi chinthucho m'tchire, wekha.

Nanga amalume akowo. Ndimawakonda, ndi achimwene anga, koma zaka makumi awiri akuyang'anira makina oluka nsalu, makina omangidwa pansi ndi mabawuti, ndipo chinthu chokhacho chimene anachiyendetsapo pamsewu ndi njinga yopalasa yopanda mabuleki. Unawamva dzana patebulo.

"Tenga yaikuluyo, mphwanga. Mwamuna sakwera kambuzi."

Ine ndinati, "Achimwene, inu munakwerapo chiyani?"

"Mlongo, usandinyoze pamaso pa mwana. Mphamvu zikatsala sizipweteka. Zimapweteka ndi zoperewera."

"Ikagwa mudzapita inu kukaidzutsa?"

"Igwa bwanji chinthu chopanda matayala?"

Pamenepo abambo ako, munthu wamtendere mpaka kutopetsa, anangoti, "Tiyeni tidye sadza lisanazizire." Iwe unaseka, n'kuwathira amalume ako nyama ina. Ndinaona kuti voti yako yapita kuti.

Pa mfundo imodzi amalume ako sananame, ndipo zikundiwawa kuvomera. Zoperewera zimapwetekadi. Titangolandira ufulu, ine nditangomaliza digiri yanga iwe uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinayamba ntchito ya ulangizi wa thonje. Akazi okwera njinga zamoto masiku amenewo unkawawerenga ndi dzanja limodzi zala n'kutsalako. Mkulu wosunga katundu ku ofesi anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunditulutsira kanjinga ka masisi 50, akuti koyenera amayi. Ndinakalandira mosangalala, chifukwa ndinali ndi mantha ndipo ndinkaganiza kuti chopepuka sichingandipweteke. Pa tala, kuchokera ku Chegutu kubwera kuno ku Kadoma, kankayenda bwino ndithu. Tsiku la msonkhano wanga woyamba ndi alimi ku Ngezi ndinamangirira kumbuyo sipuleya yopopera mbozi, zitini ziwiri za mankhwala, kathumba ka mbewu, pamwamba pake ine mwini, amene ngakhale nthawi imeneyo sindinali munthu wouluka ndi mphepo. Titafika pa mchenga kanalira ngati udzudzu, kananjenjemera, kanazima. Ndinakakankha mtunda wonse wotsala. Alimi anali atadikira pansi pa mtengo kuyambira m'mawa, ndipo nditatulukira, thukuta mpaka m'nsapato, mayi wina wachikulire ananena mokweza kuti aliyense amve, "Mudhumeni auya achitinha mbudzi yake." Mlangizi wabwera akukusa mbuzi yake. Dera lonselo linayamba kunditcha Mai Mbudzi. Ndinkaphunzitsa za mbozi, anthu n'kumayang'ana kanjinga.

Kanjingako sikanathe ngakhale nyengo imodzi ya thonje. Makanika atakatsegula anandionetsa pisitoni itapsa ngati mbatata yoiwalika pamoto, n'kunena kuti, "Mayi, kameneka mwakayendetsa kakukuwa tsiku lililonse." Injini yaing'ono imene ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo imafa msanga, ndipo siifera pakhomo, imafera pachitunda. Ndiye tija ta masisi 340 ta patsamba loyamba utisiye. Iwe ndiwe wamtali ngati abambo ako, udzavala zovala zolemera ngati matiresi, udzakoka chileyi cha miyala ndi zida. Kang'onoko kadzakusiya m'chipale chakuya. Wamva? Sindikukuuza kuti ugule kambuzi. Uwauze amalume ako kuti pamenepa ndawapatsa theka la malikisi.

Tsopano tsegula kabuku kako kumbuyo, pamene pali tizilembo ting'onoting'ono, kumene cholembera chako chofiira sichinafike. Ndinavala magalasi n'kuwerenga zonse, chifukwa wina m'nyumba muno amayenera kutero.

Yang'ana kulemera. Chilombo chakocho chikuposa za pakati zija pafupifupi ndi thumba lathunthu la feteleza. Pa chithunzi thumba limenelo silioneka. Limaoneka makinawo atapendekeka m'dzenje, iwe uli ndi manja awiri okha, atauma ndi chisanu. Yang'ananso thanki. Ndi yofanana ndi ya zinzakezo, koma pakamwa pake ndi pokulirapo, ndiye kuti petulo yemweyo akufikitsa pafupi. Digiri ya miyala siiletsa kuchita samu imeneyi. Kenako kaziziritsidwe. Zazikuluzo zimazizira ndi madzi, ndipo madziwo amazizira ndi chipale chimene lamba amawaza pansi pa chishalo. Pa chipale chofewa zili bwino. Nanga tsiku limene ukuyenda pa madzi oundana gwa, kapena pa msewu woponderezeka, kapena pang'onopang'ono ukukoka chileyi? Chowaza palibe, injini ikutentha, iwe waima pakati pa dziko lozizira kuposa firiji yanga ukudikira kuti injini izizire. Zikanakhala za munthu wina ndikanaseka. Za pakatizo zilipo zozizira ndi mphepo, za fani, zopanda madzi oti atayike, zopanda mapaipi oti aphulike. Chomaliza, chingwe cholizira. Batire ikafa ndi kuzizira, ndipo idzafa, udzaliza ndi dzanja. Iwe amene umabwera kudzandiitana kuti makina otchetchera kapinga akukana, ukuganiza kuti masisi 800 ogona panja usiku wonse adzakumvera chisoni?

Pali nkhani ina imene sindiikonda, koma ndainyamula kale, ndiitule. Chaka cha chilala chija ukuchikumbukira, uli ku yunivesite chaka choyamba. Tinali ndi kadimba kathu ku Gadzema ndi chitsime chokumba pamanja, ndipo ndinaganiza zogula injini yopopa madzi. Wogulitsa, mnyamata waulemu, anandifunsa kuti chitsimecho chimatulutsa madzi ochuluka bwanji pa ola. Ndinamuuza kuti asaphunzitse ulimi munthu wa digiri ya ulimi, andipatse yaikulu ija ili pakona. Anandipatsa. Tinaiika, tinailiza, madzi anatuluka ngati mtsinje, ine manja m'chiuno kuyang'ana aneba. Tiyi asanawire chitsime chinali chitauma. Injini inayamba kumwa matope, inatsokomola, inanunkha, basi. Rape yense anauma sabata yomweyo, ndipo aneba aja, amene ankathirira ndi zitini, ankatigawira masamba mwachifundo chimene sindidzachiiwala ngakhale ndikufuna. Mphamvu iyenera kulingana ndi chimene pansi pangalandire. Ndaona mathirakitala akuluakulu akudzikumbira manda m'dothi lakuda la ku Ngezi, woyendetsa akuthira moto, matayala akuzungulira pamodzimodzi, chinthu chikumira. Chipale chofewa sichingasiyane kwambiri ndi zimenezo. Lamba wa injini yaikulu, pansi pa chala cha munthu amene sanakwerepo, adzakumba m'malo moyenda. Ndipo iwe sunakwerepo, Limbani. Kuyang'ana zithunzi pa firiji si kukwera.

Ndiye ugule iti? Tsamba lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi, amene sunawapinde n'komwe pakona. Masisi 440 kapena 500. Zilibe malawi a moto m'mbali, ina ndi yobiriwira ngati ndowa, ndikuvomera kuti kukongola kulibe. Koma zili ndi mphamvu yokoka chileyi ndi kukwera chitunda popanda kukuwa, zimamwa mwaulemu, ndipo munthu mmodzi angathe kulimbana nazo. Ukadzakwera nyengo ziwiri, ukadzadziwa chipale mmene ndimadziwira matope, udzagule chimene ukufuna, ine ndidzatseka pakamwa. Chabwino, sindidzatseka, koma udzakhala ndi ufulu wosandimvera.

Ndipo usangokhulupirira ine. Ukafika, sabata yoyamba usagule kanthu. Pita ukaime panja pa golosale uone zimene zaimikidwa pamenepo, makamaka zokalamba, zokandikakandika, zomangidwa ndi waya. Zimenezo ndi za anthu amene amakwera chifukwa cha ntchito. Funsa eni dziko amene anabadwira m'chisanucho, funsa namwino woyendera odwala, funsa nkhalamba imene zala zake zonse zikadalipo. Usafunse wogulitsa, iye amakonda tsamba lomaliza kuposa iwe. Usafunsenso mnzako uja, wangokhalako chaka chimodzi ndipo m'kalata yake mawu akuti liwiro alimo kanayi. Ndinawerenga. Safunsa anadya phula, koma wofunsa wogulitsa phula anadyanso phula lomwelo. Ukafunsa umvere yankho mpaka kumapeto, osati "ndazvinzwa" wako uja.

Tsopano nkhani imene ndalembera kalata yonseyi. Zinazi ndimangozungulira, ngati munthu wofuna kulowa m'madzi ozizira.

Dzina la Mai Mbudzi linandikhala pamtima. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Chegutu, iwe uli Giredi 3. Mzungu wina wa pafamu ankasamuka kupita kumwera ndipo ankagulitsa katundu wake pabwalo. Pakati pa mapulawo ndi mipando panali njinga yamoto ya masisi 650, yakuda, thanki yonyezimira. Nditaigwira chogwirira iye anati, mwaulemu ndithu, imeneyo ndi yolemera kwa inu, mayi. Ndinaigula chifukwa cha mawu amenewo. Palibe chifukwa china. Nditafika nayo pakhomo abambo ako anaizungulira kawiri, manja kumbuyo, n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Mayi a Limbani, nanga ikagwa?"

Ndinati, "Siidzagwa."

Miyezi itatu ndinali mfumukazi. Ndikamatulukira ku Ngezi agalu ankathawa, amuna ankavula zipewa, za mbuzi zinatheratu. Mayi wachikulire uja anandipatsa nkhuku. Ndinkaikonda njinga imeneyo, ndisakunamize, ndipo ndikudziwa bwino chimene mtima wako ukumva ukayang'ana tsamba lomalizalo.

Tsiku lina mu Okutobala ndinamaliza msanga ndi alimi, ndipo kuti ndikakupeze pa wani koloko kusukulu ndinadutsa njira yachidule yowoloka kamtsinje kouma. Sindinkathamanga. Ndikufuna umvetse zimenezi, chifukwa iwe ukuganiza kuti ngozi ndi ya othamanga okha. Tayala lakutsogolo linalowa mumchenga, ndinathira moto, lakumbuyo linakumba, njinga inapendekeka n'kugona pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati ng'ombe yotopa. Inagonera mwendo wanga wamanja, paipi ya utsi ili pa katumba. Fupa silinathyoke. Mutu sunagunde paliponse. Ndinali bwinobwino, kungoti sindikanatha kuidzutsa. Ndinakankha ndi mwendo winawo, sinasunthe. Ndinakumba mchenga ndi manja, inangomira n'kundipanikiza kwambiri. Ndinamva fungo la nyama yowotcha, ndipo panapita kanthawi ndisanazindikire kuti nyamayo ndine. Ndinakuwa m'Chingerezi, monga munthu wophunzira. Kenako m'Chishona. Pomaliza ndinkangoitana amayi anga m'Chichewa, anthu amene anali atagona kale kumanda.

Wotchi inali padzanja, ndipo dzanjalo linali pafupi ndi nkhope yanga. Ndinaona wani koloko ikukwana. Ndinaona thu, ndinaona fili. Ululu wa mwendo unafika pena n'kuleka kundiuza zatsopano, koma wotchiyo sinaleke. Ndinkakuona uli pageti ndi kachikwama kako, anzako akutengedwa mmodzimmodzi.

Dzuwa litapendeka kunabwera ngolo ya ng'ombe yodzatenga mchenga. Woyendetsa anali mkulu wina wa imvi, wogwira ntchito pafamu ya pafupi, amene kale anali wa mumgodi. Anati anamva munthu akulira m'chilankhulo cha kwawo n'kuganiza kuti ndi mizimu. Anaima, anayang'ana njinga, anayang'ana ine, n'kuyamba ndi Chilapalapa cha kumgodi, "Aikona, lo mashini yena makhulu," ayi, makinawa ndi aakulu. Kenako m'Chichewa anati, "Mwana wanga, mwini wake njingayi wapita kuti?"

Ndinati, "Ndine, bambo."

Anapukusa mutu. "Iyayi. Mwini wake ndi amene angaidzutse."

Ngakhale iye sanaithe ndi manja. Anachita kudula mtengo n'kuupisa pansi pake, ine n'kudzikoka chokwawa. Anang'amba malaya ake n'kundimanga pabalapo, tinaikankha awiri kuitulutsa mumchenga, ndipo ndinaikweranso, chifukwa njira ina yofikira kwa iwe panalibe. Dzina lake sindinafunse. Munthu wa digiri, wodziwa mayina a mbozi m'Chilatini, sindinafunse dzina la munthu amene anandichotsa pansi pa chitsulo.

Ndinafika pasukulu cha m'ma sikisi. Unali utakhala pa mwala pafupi ndi mlonda, sunalire, unangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mhamha, makandikanganwa." Munandiiwala. Ine ndinati msonkhano unatalika. Zaka zonsezi nkhani imeneyi wakhala ukuikamba pa Khirisimasi iliyonse, tsiku limene amayi anakonda thonje kuposa mwana wawo, anthu n'kumaseka, inenso n'kumaseka nawo. Chipsera cha pa katumba ndinakuuza kuti ndi madzi otentha a mumphika. Ndinasankha kuti uziganiza kuti ndinakuiwala kusiyana n'kuti udziwe kuti mayi wako anali chitsiru. Kunyada kumafika pamenepo. Amadziwa ndi abambo ako okha. Anatsuka balalo milungu isanu ndi umodzi, m'mawa ndi madzulo, osanenapo ngakhale kamodzi kuti ndinakuuzani, ndipo kukhala chete kumeneko kunkawawa kuposa mankhwala. Mwezi wotsatira ndinaigulitsa n'kutenga ya masisi 185, yomwe ija unakulira kumbuyo kwake. Yagwa nane kosawerengeka. Nthawi zonse ndimaidzutsa, n'kudzikuntha fumbi, n'kumapita.

Tsopano taganiza, mwana wanga. Ine ndinagona maola anayi pa mchenga wofunda, m'dziko limene ngolo zimadutsa, kumene munthu ukalira pali wina wakumva chilankhulo chako. Ndinalipira ndi khungu la mwendo umodzi. Iwe ukupita kumene mnzako akuti malovu amauma asanafike pansi, kumene dzuwa limalowa anthu asanaweruke, kumene ungayende tsiku lonse osakumana ndi munthu. Sipafunika kuti ikugwere. Ingomira m'chipale iwe n'kulephera kuitulutsa, basi zakwana. Maola anayi omwewo kumeneko sabweza munthu.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, ndipo si pempho kwenikweni. Usanapereke mari kwa wogulitsa aliyense, umuuze kuti atulutse sinomobiloyo kuseri kwa sitolo, pamene chipale chili chakuya. Uigoneke cham'mbali. Uidzutse wekha, utavala magolovesi ndi zovala zako zonse. Kenako uimize kumbuyo, unyamule, uitulutse, wekhanso. Ukalephera, pita pa yocheperapo, uyesenso, mpaka upeze imene ikukumvera. Imeneyo ndiye yako, kaya ndi yobiriwira ngati ndowa. Wogulitsa akakuseka msiye aseke. Kusekedwa ndinakuyesa, dera lonse la Ngezi linandiseka chaka chathunthu, sikupha.

Ndamva geti likulira, akhala abambo ako, ndipo sindikufuna andipeze maso ali chonchi, angayambe kundikomera mtima. Kalatayi ndiika m'thumba la jekete lako lakuda. Mawa pabwalo la ndege ndidzakukalipira za kolala ndi za tsitsi, usadabwe, ndi mmene ndidzathere kuima.

Unandidikira maola asanu pageti paja, ndipo ndinabwera. Kontilakiti yako ndi ya zaka ziwiri. Ndi nthawi yanga yokhala pa mwala. Ubwere.

Ndine amene sindinakuiwale tsiku lija,
Mayi wako